Brother Voodoo wa Marvel ndi chipembedzo cha Vodou: Mafunso ndi mayankho

Okonda makatuni a kampani ya ku America ya Marvel amamudziwa Brother Voodoo: mwamuna wakuda wa ku Haiti, tsitsi lake lili ndi mzere woyera pakati, ndipo akamatulukira pamamveka ng'oma, utsi uli tolotolo. Kumbuyo kwa dzina lake kuli chipembedzo chenicheni, chomwe eni ake akhala akunyozedwa nacho, ena mpaka kuphedwa, kwa zaka zoposa 200. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza munthu wopekayo komanso chipembedzocho.

Kodi Brother Voodoo ndi ndani?

Ndi ngwazi yopeka yomwe inaonekera koyamba mu 1973 m'magazini ya makatuni ya Strange Tales, nambala 169. Nkhani yake analemba ndi Len Wein, zithunzi anajambula ndi Gene Colan, pomwe maonekedwe a munthuyo anakonza ndi John Romita. Onse atatu anali azungu a ku New York, ndipo zimenezi zimaonekera m'nkhaniyo.

Dzina lake lenileni ndi Jericho Drumm. Anachoka ku Haiti kupita ku America komwe anaphunzira n'kukhala katswiri wa za maganizo a anthu, ndipo za makolo ankaziona ngati zachikale. Patatha zaka 12 anabwerera kwawo n'kupeza m'bale wake Daniel, yemwe anabadwa naye mapasa, ali kayakaya. Daniel anali wansembe wa Vodou m'dera lawo, ndipo anali atalodzedwa ndi munthu wina wodzitcha Damballah, mulungu wa njoka. Asanatsirizike, anamulumbiritsa Jericho kuti akafune nkhalamba ina dzina lake Papa Jambo. Nkhalambayo inamuphunzitsa kwa milungu yowerengeka, kenako inachita mwambo wolumikiza mzimu wa Daniel ndi thupi la Jericho. Atabwerera kukalimbana ndi mfiti ija, njoka zake zomwe zinaitembenukira n'kuipha.

N'chifukwa chiyani Marvel inatulutsa munthu wotere nthawi imeneyo?

Malonda ndiwo anatsogola. Mu 1954 makampani a makatuni ku America anadziikira malamulo otchedwa Comics Code, oletsa nkhani zoopsa. Mu 1971 malamulowo anafewetsedwa, anamapopa ndi anthu osanduka mimbulu analoledwa, ndipo Marvel sinachedwe: Dracula anapatsidwa magazini yakeyake mu 1972. Nthawi yomweyo mafilimu okhala ndi ngwazi zakuda ankayenda malonda kwambiri, choncho Luke Cage anatuluka mu 1972, Blade mu 1973. M'chaka chomwecho filimu ya James Bond ya Live and Let Die inaika Baron Samedi, mzimu wa kumanda wa mu Vodou, kumbali ya zigawenga. Brother Voodoo anaphatikiza misika iwiriyi, wa zoopsa ndi wa ngwazi zakuda.

Komabe sanagulidwe monga ankayembekezera. Nkhani yake mu Strange Tales inangoyenda kuchokera pa nambala 169 kufika 173. Kwa zaka zoposa 30 ankangobwera ngati mlendo m'nkhani za ena, ndipo wojambula wina, Fred Hembeck, anamusandutsa choseketsa m'magazini ya Marvel yomwe.

Nanga Vodou yeniyeniyo imaphunzitsa chiyani?

Imaphunzitsa kuti kuli Mulungu mmodzi, Bondye, amene analenga zonse koma salowerera kwambiri m'zochitika za tsiku ndi tsiku. Pakati pa iye ndi anthu pali mizimu yotchedwa lwa, pamodzi ndi makolo amene anatsogola. Munthu wa ku Haiti sakonda kunena kuti ndi wa chipembedzo chakutichakuti. Amati amatumikira lwa. Ambiri mwa otumikirawo ndi Akatolika obatizidwa, amapita ku Misa, ndipo saona kuti ziwirizi zikulimbana. Palibe buku lopatulika, palibenso likulu lolamula akachisi onse. Wansembe wamwamuna ndi oungan, wamkazi ndi manbo, ndipo udindo wawo ndi wofanana. Kumidzi utumiki wambiri umachitikira pakhomo, pamalo a makolo, motsogozedwa ndi akuluakulu a banja.

Mwambo waukulu umachitikira m'chisakasa chotchedwa peristil. Pansi pamakhala dothi, pakati pali mzati, poto mitan, womwe amati mizimu imadzera pamenepo. Amayamba ndi mapemphero a Chikatolika m'Chifalansa, Atate Athu ndi Tikuoneni Maria, kenako nyimbo zimalowa m'Chikiliyo cha ku Haiti, ng'oma zitatu n'kuyamba kulira. Wansembe amatapa ufa wa chimanga m'mbale, n'kumauthothola pang'onopang'ono pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kujambula pansi chizindikiro cha lwa amene akuitanidwa. Chizindikirochi ndi vèvè. Chimatenga nthawi kuchijambula, mizere yake yowongoka bwino, koma pofika pakati pa usiku mapazi a ovina amakhala atachifufuta. Woyamba kupatsidwa moni nthawi zonse ndi Papa Legba, nkhalamba yoyenda ndi ndodo yomwe imatsekula chipata. Iye asanalole, palibe mzimu wina ungafike.

Lwa akafika amakwera munthu, ndipo wokweredwayo amatchedwa chwal, ndiye kuti kavalo. Akamalankhula, anthu amamva kuti akulankhula ndi lwa: amalangiza, amadzudzula amene wataya abale ake, amatchula mankhwala a wodwala. Ntchito yaikulu ya chipembedzochi ndi imeneyi, kuchiritsa ndi kukonza ubale womwe wasokonekera pakati pa amoyo, akufa ndi mizimu.

Chinachokera kuti?

Chinabadwira m'minda ya nzimbe ya Saint-Domingue, dziko lomwe France inkalamulira ndipo pano ndi Haiti. Akapolo ochokera ku Dahomey ndi Allada, komwe lero ndi Benin, anabwera ndi mizimu yawo yotchedwa vodun. Ayoruba anabwera ndi Ogou, mwini chitsulo ndi nkhondo. Ochuluka kwambiri m'zaka zomalizira za ukapolo anali a ku Kongo, ndipo m'zaka za m'ma 1780 zombo za Afalansa zinkafikanso ku Mozambique kukagula anthu, omwe m'mabuku a eni minda ankangolembedwa kuti Mozambique. Lamulo la Code Noir la 1685 linkakakamiza kuti kapolo aliyense abatizidwe, motero zithunzi za oyera mtima zinalowa m'utumiki wa mizimu: Petulo Woyera wonyamula makiyi anaimira Legba, Yakobo Woyera wokwera kavalo ndi lupanga anaimira Ogou.

Pali zipembedzo zitatu zapachibale zomwe anthu amazisokoneza: Vodun ya ku Benin ndi Togo, Vodou ya ku Haiti, ndi Voodoo ya ku New Orleans, komwe kunatchuka mayi Marie Laveau amene anamwalira mu 1881. Makatuni a Brother Voodoo amayendayenda pakati pa Haiti ndi New Orleans ngati zonse ndi chimodzi, pomwe si choncho.

Kodi Damballah ndi mzimu woipa monga zilili m'nkhaniyi?

Ayi, ndipo apa m'pamene nkhaniyi inalakwitsa kwambiri. Mwa mizimu yonse ya Vodou, Damballah, amene ku Haiti amalembedwa Danbala Wedo, ndi mmodzi mwa akale, ofatsa ndi olemekezeka koposa. Ndi njoka yoyera ya m'madzi, ya akasupe ndi mvula, ndipo mkazi wake Ayida Wedo ndi utawaleza. Tsiku lake ndi Lachinayi. Omutumikira amavala zoyera mbee, ndipo nsembe yake yodziwika ndi dzira loyera loikidwa pamwamba pa kamulu ka ufa woyera. Mowa ndi utsi wa fodya safuna n'komwe. Akakwera munthu, munthuyo amagwa pansi n'kumakwawa, kulira ngati njoka, osatulutsa mawu ngakhale amodzi, ndipo anzake amathamangira kumufunditsa nsalu yoyera pomulemekeza. Anthu amapita kwa iye kukapempha mtendere, thanzi ndi ana. Chithunzi chake m'kachisi ndi cha Patrick Woyera, njoka zili kumapazi kwake.

Ku Ouidah m'dziko la Benin kuli kachisi wa nsato, moyang'anizana ndi tchalitchi chachikulu cha Katolika. Nsato za kumeneko siziphedwa, ndipo ikalowa m'nyumba ya munthu amainyamula bwinobwino kuibwezera kukachisi. Amene anamvapo za Thunga, njoka ya mvula ya ku Msinja kwa Makewana, sangadabwe kuti kwa anthu ena njoka imaimira madzi ndi moyo, osati Satana.

Oikira kumbuyo makatuniwa amati munthu uja ankangodzitcha Damballah, sanali iye weniweni. N'zoona. Koma mwana wa ku America amene anagula magazini ija mu 1973 anakumana ndi dzinali kamodzi kokha, lili pa wakupha wozunguliridwa ndi njoka, ndipo palibe anamuonetsa dzira lija pa ufa. Dzina lomweli analigwiritsanso ntchito mu filimu ya Child's Play ya 1988, pomwe chigawenga chimaliitana kuti mzimu wake ulowe m'chidole chotchedwa Chucky. Anthu ambiri padziko lapansi dzina la Danbala analimvera kumeneko. Kwa ine ichi ndi chipongwe chachikulu kuposa zolakwika zina zonse, chifukwa anatenga chinthu chomwe eni ake amachigwira ndi manja awiri n'kuchiika m'manja mwa wakupha.

Mphamvu zake zija, zilipo m'chipembedzochi?

M'makatuni, moto sumuotcha, amalamula nyama, amabisala mu utsi, ndipo amatha kutumiza mzimu wa Daniel kukalowa mwa munthu wina n'kumamuyendetsa mmene akufunira. Za moto zili ndi pochokera: pa mwambo wa kanzo, wolowetsa munthu m'gulu la otumikira, manja a wolowayo amayesedwa ndi zinthu zotentha. Koma zotuma mzimu ngati wantchito n'zosemphana ndi chiphunzitso. Mu Vodou munthu ndiye amatumikira, lwa ndiye amasankha womukwera ndi nthawi yake. Ndiponso munthu sakhala wansembe wamkulu m'milungu yowerengeka. Zimatenga zaka akutumikira pansi pa oungan kapena manbo, kuphunzira nyimbo mazanamazana, masamba a mankhwala ndi zokonda za lwa aliyense, asanapatsidwe ason, kachipanda kovekedwa mikanda komwe ndi chizindikiro cha unsembe.

Palibe chomwe olembawo analondola?

Chilipo, ndipo si chaching'ono. Choyamba, anaika wansembe wa Vodou kukhala ngwazi yoteteza anthu pa nthawi imene mafilimu ankamuonetsa ngati mfiti basi. Chachiwiri ndi nkhani ya mapasa. Ku Haiti mapasa, Marasa, ndi opatulika. Amapatsidwa ulemu koyambirira kwa mwambo pafupi ndi Legba, amaimiridwa ndi oyera mtima awiri Cosmas ndi Damian, ndipo anthu amakhulupirira kuti mmodzi akamwalira ubale wake ndi wotsalayo suduka. Nkhani ya Jericho ndi Daniel ikugwirizana ndi zimenezi.

Chachitatu n'chochititsa chidwi kwambiri. Munthu wophunzira za sayansi kunja, wobwerera kwawo kukalandira unsembe wa banja, analipodi. Max Beauvoir anaphunzira za chemistry ku City College of New York ndi ku yunivesite ya Sorbonne ku Paris, n'kugwira ntchito ku America. Agogo ake aamuna, omwe anali oungan, anamusankha ali pafupi kumwalira kuti alowe m'malo mwawo, ndipo mu 1974 anatsekula kachisi wake ku Mariani, kufupi ndi Port-au-Prince. Mu 2008 ansembe anzake anamusankha kukhala mtsogoleri wowalankhulira, udindo womwe anakhala nawo mpaka imfa yake mu 2015. Moyo wake unayenda njira yomwe olemba a ku New York anapekera Jericho, pafupifupi m'zaka zomwezo.

Ndiye kuti mu Vodou mulibe ufiti?

Kunena choncho kungakhale kunama. Anthu a ku Haiti eni ake amasiyanitsa oungan ndi bòkò, munthu amene amati amagwira ntchito ndi manja onse awiri, lochiritsa ndi lopweteka, malinga walipidwa. Amaopedwa, ndipo ntchito zake sizitengedwa ngati utumiki wa makolo. Ndale nazo zinaipitsapo: François Duvalier, amene analamulira mwankhanza kuyambira 1957 mpaka 1971, anakokera ansembe ena m'gulu lake loopsa la Tonton Macoute, ndipo ankavala zakuda mofanana ndi Baron Samedi kuti anthu azimuopa. Zoipazi zilipo, koma si zimene mayi amapitira kwa manbo mwana wake akatentha thupi usiku, chipatala chili kutali.

Nanga zidole zobaya ndi masingano? Nanga ndondocha?

Chidole chobaya n'cha ku Ulaya. Kuumba kafanizo ka mdani ndi phula kapena nsanza n'kukabaya ndi mwambo wakale wa amatsenga a ku England ndi maiko oyandikana nawo, ndipo mabuku ndi mafilimu a ku America ndiwo anaukankhira kwa anthu a ku Haiti.

Za zonbi ndi zina. Chikhulupiriro chimenechi chilipodi, ndipo n'chofanana ndi ndondocha: munthu amene bòkò wamulanda mbali ina ya mzimu wake, waikidwa m'manda, kenako wafukulidwa kuti azilima m'munda wa wina, wopanda mawu, wopanda chifuniro. Amati akalawa mchere amatsitsimuka. Sadya anthu, zodya anthuzo zinayamba ndi filimu ya George Romero ya 1968. Anthu a ku Haiti saopa zonbi, amaopa kusandutsidwa zonbi, ndipo kwa zidzukulu za akapolo a m'minda ya nzimbe mantha amenewa ali ndi pogwira. Nkhani yotchuka ndi ya Clairvius Narcisse, amene chipatala chinalemba kuti wamwalira mu 1962, koma mu 1980 kunatulukira munthu kumudzi kwawo yemwe abale anamuzindikira kuti ndi iye. Wofufuza wa ku Canada, Wade Davis, ananena kuti chinsinsi chake ndi poizoni wa nsomba ina ya m'nyanja yomwe imadzitukumula, koma asayansi ena anatsutsa kuti ufa womwe anabweretsa unalibe poizoni wokwanira.

Mu Strange Tales 171, Baron Samedi akuoneka ali ndi gulu la ndondocha, akugwirira ntchito gulu la zigawenga la m'makatuniwa lotchedwa A.I.M. Poti Comics Code inkaletsabe mawu akuti zombie, Marvel inkazitcha zuvembie. Baron weniweni ndi mlonda wa manda ndi mkulu wa mizimu ya Gede, yomwe imakonda nthabwala zolaula koma imadziwikanso poteteza ana odwala.

Mbiri yoipayi anaiyambitsa ndani?

Inayamba ndi mantha a eni akapolo. Mu Ogasiti 1791 akapolo anasonkhana usiku ku Bois Caïman pa mwambo womwe mbiri imati anatsogolera ndi Dutty Boukman ndi Cécile Fatiman, ndipo patangopita masiku ochepa minda ya kumpoto inali pamoto. Nkhondoyo inatha ndi ufulu wa Haiti pa 1 Januwale 1804, pansi pa Jean-Jacques Dessalines. Maiko omwe ankasungabe akapolo anafuna kuonetsa kuti anthu akuda odzilamulira amabwerera ku zauchinyama, ndipo Vodou inakhala umboni wawo. Mu 1884 kazembe wakale wa Britain ku Haiti, Spenser St John, anatulutsa buku lodzaza ndi nkhani za kudya anthu, lomwe linawerengedwa kwambiri.

Kenako asilikali a America analanda Haiti kuyambira 1915 mpaka 1934. M'nyengo imeneyi William Seabrook analemba The Magic Island mu 1929, ndipo mu 1932 kunatuluka filimu ya White Zombie. Zambiri zomwe olemba makatuni a 1973 ankadziwa zinadzera mumtsinje umenewu. M'dziko mwenimwenimo namo munali nkhondo: lamulo la 1935 linaletsa miyambo yomwe linaitcha yamatsenga, ndipo mu 1941 ndi 1942 Mpingo wa Katolika, mothandizidwa ndi boma poyamba, unatentha ng'oma, kugwetsa akachisi ndi kudula mitengo yopatulika. Dokotala wa ku Haiti, Jean Price-Mars, anali atalemba kale mu 1928 kuti Vodou ndi chipembedzo chokwanira ndipo ophunzira a ku Haiti aleke kuchita manyazi ndi Africa, koma lamulo lija linafafanizidwa mu 1987, ndipo boma linavomereza Vodou ngati chipembedzo mu Epulo 2003, nthawi ya pulezidenti Jean-Bertrand Aristide.

Si makatuni chabe? Kudandaula n'kwa chiyani?

Magazini imodzi sinaphe munthu. Koma chithunzi choti wotumikira lwa ndi mfiti chakhala chikuphetsa anthu. Jean-Claude Duvalier, mwana wa François amene analowa m'malo mwake, atathawa mu 1986, ansembe ambiri a Vodou anaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Chivomezi cha pa 12 Januwale 2010 chitangochitika, mitembo isanachotsedwe n'komwe m'misewu, mlaliki wa ku America Pat Robertson ananena pa wailesi ya kanema kuti Haiti ndi yotembereredwa chifukwa inapangana ndi mdyerekezi kuti ipeze ufulu. Kumapeto kwa chaka chomwecho kolera itabuka, anthu osachepera 45, ambiri a iwo ansembe a Vodou, anaphedwa powaganizira kuti akufalitsa matendawo ndi ufa wamatsenga. Kolerayo inachokera ku msasa wa asilikali a United Nations, ndipo bungweli linavomera mbali yake mu 2016. Mu Disembala 2024, ku Cité Soleil, mtsogoleri wa zigawenga analamula kuti anthu oposa 200 aphedwe, ambiri okalamba, powanamizira kuti alodza mwana wake. Wolemba aliyense amene akutenga dzina la Danbala kapena la Baron kuti akometsere nkhani yake akulemba za anthu amene ali pa ngozi yotere lero lino.

Brother Voodoo zinamuthera bwanji?

Mu 2009, m'nkhani za New Avengers zolembedwa ndi Brian Michael Bendis, analandira udindo wa Sorcerer Supreme, wamatsenga wamkulu woteteza dziko lonse, m'malo mwa Doctor Strange, ndipo anayamba kutchedwa Doctor Voodoo. Anapatsidwa magazini yakeyake, yolembedwa ndi Rick Remender, koma inathera pa nambala 5. Mu 2010 anafa podzipereka kuti apulumutse dziko, mu 2014 anaukitsidwa, n'kulowa m'gulu la ngwazi lotchedwa Uncanny Avengers. Mu 2020 anakhala mphunzitsi wamkulu wa Strange Academy, sukulu ya ana amatsenga ya ku New Orleans, ndipo m'malo amenewa ndimamuona kuti wapatsidwa ulemu woyenera: munthu wamkulu wolera ana a eni. Udindowo ukufanana ndi wa oungan weniweni kuposa nkhonya zonse zomwe anaponyapo. Mu filimu ya Doctor Strange ya 2016 munaoneka Daniel Drumm kwa kanthawi, akulondera nyumba ya ku New York, ndipo anaphedwa.

Munthu wofuna kuona Vodou yeniyeni angaione kuti?

Pa 1 ndi 2 Novembala anthu ku Haiti amapita kumanda pa Fèt Gede, chikondwerero cha akufa, atavala zakuda, zoyera ndi zofiirira, atanyamula makandulo, khofi ndi kachasu wa nzimbe wothira tsabola, kukaika pa mtanda wa Baron. Pa 25 Julayi amapita ku Plaine-du-Nord kukalemekeza Yakobo Woyera ndi Ogou, ena n'kusamba m'thope la padziwe lopatulika. Ku Benin, chikondwerero cha Vodun chomwe chinakhazikika m'zaka za m'ma 1990, ntchito yomwe anayambitsa pulezidenti Nicéphore Soglo, chimachitika mu Januwale ku Ouidah, m'mphepete mwa nyanja momwe akapolo ankakwezedwera m'zombo. Akachisi aliponso ku Brooklyn, Miami ndi Montréal, komwe kuli anthu ambiri ochokera ku Haiti, ndipo mlendo amalowa akaitanidwa, atavala moyenera, osajambula asanapemphe.

Ulendo wotchuka koposa unali wa ku mathithi a Saut-d'Eau pa 16 Julayi, komwe Akatolika ndi otumikira lwa ankasambira limodzi polemekeza Maria ndi lwa wamkazi wotchedwa Ezili. Mu 2025 magulu a zigawenga analanda tauniyo, ndipo chaka chimenecho khamu la apaulendo silinathe kukafika ku mathithiwo.